Udzu wa pansi pa tiasilikali: ndigule kapena ndizipanga ndekha?

Wowerenga wina wa ku Leicester walemba motere: "Achimwene, chaka chatha mnzanga wa kuntchito anandikokera ku kalabu ya masewera a nkhondo a patebulo, ndipo zandilowa m'magazi. Panopa ndapenta tiasilikali 60 ta 28mm ta Bolt Action, masewera a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ndinasankha a King's African Rifles chifukwa agogo anga aamuna anali msilikali wa KAR. Chatsala ndi timabesi tomwe amaimapo. Anzanga ena akuti ndigule tizitsinde ta udzu topangidwa kale, tija amalemba kuti tufts. Ena akuti kumeneko n'kutaya ndalama, bola ndigule makina ndizipanga ndekha. Wina wandiuza kuti ngakhale chophera udzudzu chamagetsi chimagwira ntchito. Ndayesa kuwaza ubweya wa udzu ndi zala pa guluu, koma zatuluka ngati mphaka wanyowa ndi mvula. Nditani?"

Achimwene, mtima m'malo. Mphaka wonyowa ameneyo aliyense wa ife anamuwetapo, ndipo wanga ndikadali naye m'kabokosi kena: tiasilikali khumi tomwe ndinayambira, toima pa chinthu chonga ndevu zogwera m'beseni. Vuto si manja anu. Ubweya umene mwagulawo ndi timaulusi ta nayiloni kapena reyoni todulidwa msinkhu umodzi, 2mm, 4mm, 6mm mpaka 12mm, ndipo mukauwaza ndi zala umangogwa chogona. Kuti uime pamafunika magetsi. Mukukumbuka kusukulu tinkakhutiza rula ya pulasitiki m'tsitsi n'kumatola nayo tizidutswa ta pepala? Mphamvu yake ndi yomweyo. Makina amene anzanu akunenawo ali ndi kasefa kachitsulo komanso waya wokhala ndi kopanira kumapeto. Wayayo mumapanitsa pa thireyi yachitsulo, kasefako mumakagwedeza pamwamba pake, ndiye pakati pa ziwirizi pamakhala kukokana. Kaulusi kalikonse kakamatsika kamawongoka, n'kubaya guluu ndi nsonga, n'kutsala chiimire. Palibenso matsenga ena.

Koma musanatulutse khadi ya kubanki, tiwerenge kaye, chifukwa mkangano wa anzanuwo umatha ndi masamu a sitandade 5. Kabesi ka 25mm kali ndi malo ochepa zedi. Mapazi a msilikali atenga kale pakati, pali kamwala, pali mchenga womwe mukufuna uoneke. Kachitsinde kamodzi n'kokwana, tiwiri ngati tili tating'ono, ndipo mwa asilikali asanu alionse mmodzi musiyeni wopanda udzu n'komwe. Onjezani mabesi akuluakulu a mfuti za chiwaya ndi mizinga, omwe amadya tizitsinde tinayi kapena tisanu. Zonse pamodzi simupitirira 150. Paketi ya kampani ya Army Painter imakhala ndi tizitsinde 77 ta misinkhu itatu. Za kampani ya Gamers Grass zina zili cha pomwepo, zina zochulukirapo ngati tizitsindeto ndi tating'ono. Ndiye kuti gulu lanu lonse likufuna mapaketi awiri, kapena atatu mukafuna kusakaniza mitundu. Tinene kuti paketi ndi mapaundi 6. Mwalipira 18, ndipo ntchito yonse yatha Loweruka limodzi masana.

Tsono onani mbali inayi. Makina otsika mtengo ndi mapaundi makumi angapo, pamene makina otchedwa Gras-Master a kampani ya Noch ya ku Germany ndi okwera mtengo kwambiri kuposa pamenepo. Tinene kuti mwapeza a 40. Ubweya wa mitundu itatu kapena inayi, guluu, pepala ndi thireyi zitenga 20 ena. Mwafika pa 60 musanapange ngakhale kachitsinde kamodzi, ndipo mapepala awiri oyamba mudzawataya, zimenezo ndikukutsimikizirani. Ndalama imeneyo ikanakuguliraninso mapaketi khumi, tizitsinde toposa 700. Dzifunseni moona mtima ngati pa zaka ziwiri zikubwerazi mudzamata tizitsinde 700. Kwa gulu limodzi la asilikali 60, ine ndikuti gulani basi.

Amene makina amawapindulira ndi munthu amene wayamba kumanga tebulo lonse. Tebulo la Bolt Action limakhala mapazi 6 m'litali, 4 m'lifupi, ndipo mukayamba zitunda, magombe a mtsinje ndi m'mbali mwa msewu, mapaketi amatha ngati mtedza wokazinga. Pamenepo makina amabweza ndalama zake, komanso amayala dambo lonse nthawi imodzi, zomwe tizitsinde togula sitingachite. Chimodzimodzi anzathu a nkhondo za Napoleon, omwe amaika asilikali mazanamazana patebulo. Pali chifukwa china chachitatu, chomwe ndi chabwinobwino ngakhale anthu amachita nacho manyazi: kungokonda kupangapanga. Ngati n'chimene chikukukokani, nenani choncho, musanamizire kupulumutsa ndalama. Ine makina anga ndinagula chifukwa cha nkhuli, masamu ndinachita kuwapeka pambuyo pake kuti ndikhale ndi chowauza mayi a kunyumba.

Pali funso limene simunafunse, lomwe kwa ine ndi lalikulu kuposa la ndalama: agogo anuwo anamenya kuti? Batalioni yachiwiri ya ku Nyasaland inali pa Tug Argan ku British Somaliland mu Ogasiti 1940, limodzi ndi asilikali a Northern Rhodesia Regiment. Kumeneko ndi miyala, fumbi, minga ndi tizitsinde touma apo ndi apo. Ena anapita ku Madagascar mu 1942. Ena anatsika chigwa cha Kabaw ku Burma mu 1944 ndi 11th East African Division, mvula ili pachimake, matope m'maondo, tchire lonse lili biriwiri. Udzu wa malo amenewa sufanana ngakhale pang'ono. Tizitsinde tambiri ta m'masitolo tinapangidwa ndi maso a munthu wozolowera msipu wa ku Ulaya, ndiye mukangotola paketi yoyamba yobiriwira, askari wanu wa ku Somaliland adzaoneka ngati wasochera m'munda wa nkhosa ku Wales. Mitundu youma ilipo, kungoti muyenera kuifunafuna: Highland ndi Wasteland za Army Painter, kapena Beige za Gamers Grass. Kwa Tug Argan, zimenezo zikukwanirani, ndipo muzimata mowumira, dothi lizioneka kwambiri kuposa udzu.

Msinkhu nawo uli ndi masamu ake. Kamsilikali ka 28mm n'kochepa pafupifupi ka 56 poyerekeza ndi munthu weniweni. Choncho ubweya wa 2mm ukuimira udzu wa masentimita 11, kapinga wa pabwalo la sukulu. Wa 6mm ndi masentimita 34, wosafika m'bondo. Wa 12mm, womwe m'sitolo umaoneka wautali kwambiri, ndi masentimita 67, cha m'ntchafu. Tsopano ganizirani tsekera wa kwathu mwezi wa Meyi, wotalika mamita awiri, uja munthu akalowamo umangoona udzu ukugwedezeka. Pa besi ameneyo ndi 36mm, kupitirira chisoti cha msilikali. Nsenjere za mamita atatu ndi 54mm. Udzu woterewu makina owazira sauimika, ndipo m'mapaketi wamba simuupeza. Apa ndiye pamene kupanga nokha kumapambana kugula, ndipo chosangalatsa n'choti sipafunika magetsi alionse.

Pitani ku sitolo ya zakumunda mukagule chingwe cha khonje, chija amamangira tomato, kapena chingwe chokulunga mtengo womwe amphaka amanolerapo zikhadabo. Dulani tizidutswa ta masentimita 5, mumasule ulusi wake, muviike m'madzi otentha mphindi zingapo kuti kupotana kuthe, kenako muyale pa nsalu mowongola, n'kutsendereza ndi chinthu cholemera mpaka ziume. Khonje ali kale ndi mtundu wa udzu wa mu Seputembala, wotuwira ngati denga lakale. Mukafuna woderako, viikani mu tiyi wakuda wopanda mkaka. Mukafuna wa ku Burma, mu penti ya akiriliki yobiriwira yosungunula kwambiri ndi madzi. Tengani timaulusi 15 kapena 20, mutipane pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, mudule mbali imodzi molingana, muviike mbali imeneyo mu guluu woyera wa matabwa, n'kuimika m'kabowo ka 2mm komwe mwaboola pa besi. Guluu akauma, dulani pamwamba ndi sizasi mosalinganiza, kaulusi kena katalike, kena kafupike, kenako mutambasule ndi chikhadabo. Bulashi yakale yopentera nyumba, ija ya ubweya wa nkhumba, imachita chimodzimodzi koma imalimba, ndiye imafanana kwambiri ndi bango.

Chenjezo limodzi: musaike msinkhu wonsewo pa kabesi ka msilikali. Mwakhala mausiku angati mukupenta malamba ndi mabatani, ndiye muwabise m'tchire? Pa besi, khonje asapitirire 15mm kapena 20mm, ndipo akhale kumbuyo kwa miyendo. Tsekera wathunthu muimike pa tizidutswa take tapadera, monga pa CD yakale yomata mchenga, kuti muziika patebulo ngati tchire lobisalamo. Kumbukiraninso posungira. Siponji ya m'mabokosi onyamulira imafwanyula udzu wautali, n'chifukwa chake ambiri amene amakonda udzu amamata kamaginito pansi pa besi n'kumanyamula tiasilikali toimirira m'bokosi la pansi pachitsulo.

Za chophera udzudzu, mnzanuyo sananame. Raketi ija ya mabatire awiri imasanduka makina owazira. Amachotsa mutu wake wa mawaya, n'kutsala chogwirira. Mwa mawaya otuluka m'chogwiriramo, wina amalumikiza ku sefa wa tiyi wachitsulo, winayo ku waya wautali wokhala ndi kopanira. Ndinapangapo ziwiri. Pa ubweya wa 2mm ndi 4mm zimagwira bwino ndithu, pa 6mm zimayamba kufooka, pa 12mm musadzivutitse, chifukwa raketi imatulutsa mavolti masauzande ochepa pamene makina ogula amphamvu amapitirira 10,000. Koma mverani izi bwino. M'chogwiriramo muli kachipangizo kosunga magetsi, ndipo kamasungabe ngakhale mwasiya kudina batani. Tsiku lina ndinazimitsa yanga, ndinaiika pansi, n'kufuna kuwonjezera ubweya mu sefa ndi chala. Inandiluma mpaka m'chigongono, ubweya wonse unali mbwee pa kapeti, ndipo mawu amene ndinatulutsa sindingawalembe pano. Kuyambira tsiku limenelo, ndikangomaliza kuwaza ndimagunditsa sefa ku kopanira kaja, kuthetheke kaye, ndiye ndigwire.

Kuthetheka komweko ndi ngozi ina. Musawazire pafupi ndi vanishi wopopera, sipiriti kapena thina, ndipo foni ndi kompyuta zikhale kutali. Munthu amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda asagwire makina amenewa, ogula kapena opanga, asanafunse dokotala wake. Ana aziona ali chapatali. Ndipo mukadzamva wina akukamba zopanga makina amphamvu olumikiza kukhoma, mukaneni. Za mabatire zimaluma, za 230 volti zimapha. Ngati simunagwirepo chowotcherera mawaya, pitani nayo kwa munthu wokonza mafoni kapena mawailesi, ndi ntchito ya mphindi khumi kwa iye.

Tinene kuti makina mwawapeza, kaya obwereka. Zimene zimalepheretsa anthu nthawi zambiri ndi pepala ndi guluu. Pepala likhale lija lophikira makeke, loterera, chifukwa guluu sagwirapo. Ine ulendo woyamba ndinadontheza pa pepala la pulinta, m'mawa mwake kachitsinde kalikonse kanachoka ndi chigamba choyera kunsi. Yalani pepalalo pa thireyi yachitsulo, mupanitse waya pa thireyiyo. Guluu woyera wa matabwa, uja amati PVA, amagwira, koma akauma amakhala gwa, ndiye podzamata pa besi mudzafunikanso kadontho kena. Palibe cholakwika pamenepo. Mukafuna tizitsinde tomata tokha ngati ta m'sitolo, pamafunika guluu amene amakhalabe wonata atauma, monga Tack-It Over & Over wa Aleene's. Donthezani ndi kamtengo ka machesi, madontho akukula ngati njere ya mphodza, ena ocheperapo, ena otalikirako ngati nyemba, asakhale ozungulira onse. Musapitirire madontho 30 kapena 40 nthawi imodzi, chifukwa guluu amachita kakhungu pamwamba m'mphindi zochepa, ndipo kakhungu kakabwera ubweya sulowanso.

Sefa akhale masentimita awiri kapena atatu pamwamba pa pepala. Gwedezani mpaka madontho onse atakwiririka, mutembenuze pepala pa nyuzipepala, mugogode kumbuyo kuti wotsala ugwe, muubwezere mu sefa, muwazenso kachiwiri. Pomaliza dutsitsani sefa wopanda kanthu pamwamba, magetsi ali oyaka. Mudzaona timaulusi tomwe tinapendekeka tikudzuka tokha ngati tamva lipenga. Kenako zisiyeni usiku wonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mukamatula madzulo omwewo, pansi pamakhala posauma ndipo kachitsinde kamangomwazika m'zala.

Mtundu umodzi wokha umaoneka ngati kapeti. Ine pa udzu wouma ndimasakaniza magawo atatu a ubweya wotuwira, gawo limodzi lofiirira ndi kakutapa kamodzi kobiriwira, 4mm ndi 6mm pamodzi, m'botolo la jamu. Ubweya wotsika mtengo kwambiri muusamale. Ndinaitanitsapo thumba lalikulu kwa wogulitsa wina wa pa intaneti. Pachithunzi unali wabwino, koma utafika unali wobiriwira ngati kirimu soda wa ku Joni, wonyezimiranso, ndipo kupenta sikunathandize. Mitundu yodziwika ngati Woodland Scenics, Noch ndi War World Scenics imakwera mtengo pang'ono koma siwala. Chinyezi nacho ndi mdani. Mpweya ukanyowa magetsi aja amathawa ndipo ubweya umaundana timibulu. Ku Leicester musagwirire ntchitoyi m'kashedi ka kuseri tsiku la mvula. Gwirirani m'chipinda chofunda, ndipo m'botolo la ubweya muponyemo timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato.

Kaya mwagula kaya mwapanga, chimene chimasiyanitsa besi yokongola ndi yonyansa ndi kamatidwe. Anthu ambiri amatola kachitsinde, n'kukakhazika pakati pa mchenga ngati chipewa, n'kumadabwa kuti chikuoneka chonama. Udzu umabwera komaliza: mchenga kaye, penti, kupukuta ndi bulashi youma, vanishi, ndiye udzu. Mukapopera vanishi udzu uli pomwepo, timadontho timakakamira pa ulusi n'kuuma mbuu. Supa guluu mupeweni, amakwera m'timaulusi n'kutiumitsa ngati minga, nthawi zina n'kusiya zoyera m'mbali. Kadontho ka PVA n'kokwana, ndipo muziikabe ngakhale paketi yalemba kuti timamata tokha, chifukwa pa mchenga guluu wa kufakitale amasiya pakapita miyezi. Kachitsinde kakakulu kaduleni pakati ndi sizasi, mbali yodulayo muitsamiritse ku mwala kapena ku nsapato ya msilikali, monga udzu weniweni umamerera m'mbali mwa zinthu. Tsinikizani pakati pake ndi kotokosera m'mano kuti tsinde likhale pansi, ulusi utambasuke. Kenako kadontho ka penti yofiirira yamadzimadzi patsinde, ndi kupukuta nsonga pang'ono ndi bulashi youma yokhala ndi kapenti pang'ono ka mtundu wa fupa. Masekondi makumi awiri pa besi iliyonse, ndipo palibe adzadziwe kuti tinachokera m'paketi imodzi ndi ta mnzanu.

Kumene mungapeze thandizo sikutali. Mu kalabu iliyonse mumakhala munthu amene anagula makina n'kuwagwiritsa ntchito kawiri. M'bwerekeni madzulo amodzi, mum'gulire chakumwa, muone ngati ntchitoyi ikukukomerani. Anthu a masitima achidole ndiwo akatswiri enieni a ubweya umenewu, anauyamba ife tisanaudziwe, ndipo m'masitolo awo amakonda kuonetsa mmene makina amagwirira. Muli pafupi ndi Nottingham, kwawo kwa makampani opanga tiasilikali a Warlord Games ndi Games Workshop, komanso chionetsero cha Partizan ku Newark, komwe mungagwire mapaketi ndi manja n'kuona mtundu wake weniweni, osati wa pa foni. Chionetsero cha Salute ku London nachonso chimadzaza ogulitsa otere. Pa za thupi: timaulusi timauluka, choncho valani chophimba pakamwa ndi mphuno, makamaka ngati muli ndi mphumu, ndipo pukutani tebulo ndi nsalu yonyowa. Kakalowa m'diso musatikite, tsukani ndi madzi ambiri. Ngati mawa lake likadali lofiira kapena likuthobwa, pitani kwa oona za maso. Makina akakulumani kenako mtima n'kumagunda modabwitsa, chifuwa n'kuwawa kapena mutu n'kuzungulira, musadikire, funani chithandizo cha kuchipatala nthawi yomweyo.

Mlungu uno gulani paketi imodzi yokha ndi kampukutu ka khonje. Malizani asilikali asanu, mupite nawo ku kalabu, muwaike patebulo, muwaone mutaimirira, chifukwa kumeneko ndi kumene maso amakhala posewera, osati pafupi ndi mphuno. Otsala 55 adikire kaye. Ndipo ngati kumudzi kukadali azakhali okumbukira nkhani za agogo, aimbireni foni musanasankhe mtundu. Akangotchula Burma, mapaketi otuwa aja muwasiye pa shelefu.